Mzere Wopanda Chaka

Nkhani ya penti yofiira inandipeza Lachinayi madzulo ndikuchapa ovolosi ya amuna anga pa mpopi wa kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Anabwera nayo ndi mayi a khomo loyandikana ndi lathu, otchola tiyi amene anakulira ndi kukalambira pa esiteti pomwepo, aafupi, a fodya wa m'mphuno, osadziwa kunong'ona. Koma tsiku limenelo ananong'ona. Anatula mtolo wa nkhuni pansi, nayang'ana uku ndi uku ngati pali mwamuna pafupi.

"Mwanawe, kompyuta yako ija yapenga kodi?"

"Yatani, amayi?"

"Apaka penti mitengo ya kuseri kwa damu. Yonse, mpaka kumunsi kumadzi." Anandiyang'ana m'maso. "Kuja."

Sindinafunse kuti kuti. Ndinangoona sopo atandipulumuka m'manja, ali m'matope.

Pa esiteti ya tiyi, mtengo ukapakidwa penti yofiira ndiye kuti wagamulidwa. Fakitale imadya nkhuni osapuma poumitsa tiyi, choncho kampani inali ndi nkhalango zakezake za bulugama, zogawidwa m'mabuloko, buloko iliyonse ndi chaka chake chodulidwa. Bulugama ukamudula amaphukanso, ndipo kukanakhala kudula kokha mwina tikanangoluma mano. Koma chaka chimenecho akuluakulu anagamula kuti kuseri kwa damu azule ndi zitsa zomwe, alime, adzalepo tiyi wa mtundu watsopano. Ntchitoyo inkayamba Lolemba. Ndipo woyendetsa thirakitala yozula zitsayo anali amuna anga.

Kuseri kwa damu, kumunsi kumene bulugama amathera n'kuyamba mikuyu ndi nsungwi, n'kumene amayi a kumalaini ankaika nthayo, ana obadwa atafa kale. Mwana wanga woyamba ali kumeneko. Ndinamubereka m'nyumba nthawi ya dzinja, mlatho utakokoloka, galimoto ya kuchipatala italephera kuwoloka. Sanalire. Mayi a fodya omwewa ndi amene anamukulunga m'kachitenje, natuluka naye pamodzi ndi anzawo awiri atanyamula makasu. Mwambo wake ngwotero. Nthayo imaikidwa ndi amayi okhaokha. Mwamuna sapitako ndipo sauzidwa malo, mayi wa mwanayo sapitanso, dzina sapatsidwa, nyimbo palibe, kulira n'koletsedwa. Dzenje lake limangofika m'mawondo, chifukwa amati likazama mayiyo sadzaonanso mwana. Ine sanandiuze n'komwe ngati anali wamwamuna kapena wamkazi.

Mwambo umenewo ndinadana nawo, ndipo mpaka lero sindinaukhululukire. Ndinakulira ku mishoni, m'banja losunga Sabata, mayi anga namwino, ndipo kwathu maliro ndi maliro, aakulu kaya aang'ono. Koma tsikulo ndinali ndekha pakati pa eni malo, wopanda mphamvu ngakhale yodzutsa mutu. Atabwerako, misozi itayamba kundilengeza, mayi aja anandigwira pakamwa ndi dzanja lonunkha dothi lonyowa, nati, "Meza." Ndinameza. Pambuyo pake ndinabereka ana awiri amoyo, ndipo mayiwo sankatopa kundikumbutsa kuti ndi chifukwa cha makumbidwe awo.

Dzenje lofika m'mawondo. Mano a thirakitala ndinkawadziwa kutalika kwake, popeza amuna anga ankawanyadira ngati ndi awo.

"Ukawauze abwana ako asiye," anatero mayi aja. "Koma chifukwa chake usawauze. Si za amuna izi."

"Nanga ndikati asiye chifukwa chiyani?"

"Sukulu unapitiranji?"

Anasenza mtolo wawo n'kumapita, kundisiya ndi ovolosi m'beseni.

Ine ndinali kalaliki wa pa kompyuta mu ofesi ya za nkhalango. Kompyuta itangofika pa esiteti, zaka zoyambirira za zipani zambiri, ndine ndekha amene ndinali ndi satifiketi yotayipa ya ku Limbe, ndiye anandiunjikira mabuku akale a nkhalango, a zikuto zodyedwa ndi chiswe, kuti ndiwalowetse mu sipuredishiti. Imeneyi ndi tsamba la pa kompyuta la timabokosi, mizere yopingasa ndi makolamu otsika, ndipo mu ofesi tinkangoti shiti. Buloko iliyonse inali ndi mzere wake: nambala, dzina, divishoni kapena kuti chigawo cha esiteti, mtundu wa mitengo, chaka chodzala, kukula kwake. Shiti imeneyo inali ya manja anga. Koma chaka cha pentiyo likulu linatumiza anyamata oyeza malo, ali ndi timakina tachikasu m'manja. Anazungulira nkhalango iliyonse wapansi, nabwerera ku tauni, ndipo patapita nthawi kunabwera disiketi ya shiti yatsopano ndi lamulo lakuti yakale ipume. Opaka penti anatsata yatsopanoyo.

Amuna anga sindinawauze. Ndimawadziwa. Akanazimitsa thirakitala n'kutaya kiyi m'damu, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo akanapezeka dalaivala wina, ife tili panja ndi katundu, zitsa zikuzulidwabe. Ndinawapakulira chakudya, ndikumva akukamba za tcheni chatsopano chimene alandira, cholimba kotero kuti chitsa cha msinkhu uliwonse chimatuluka ngati dzino logwedera. Ndinangoti, "Eti."

Lachisanu m'mawa ndinagogoda kwa bwana wa za nkhalango. Anali atangobwera chaka chomwecho kuchokera kumpoto, munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wosavula juzi chifukwa kuzizira kwa ku Thyolo sanakuzolowere. Sanali woipa mtima. Anali munthu wa pepala.

"Bwana, shiti yatsopanoyi ili ndi vuto."

"Pati, mayi?"

"Kuseri kwa damu. Pali malo amene sadulidwa, koma apakidwa penti."

"Buloko nambala chiyani?"

Nambala sindinkaidziwa. Kumeneko phazi langa linali lisanapondeko, ndipo mayi aja ankakudziwa ndi mapazi, osati ndi manambala. Kuseri kwa damu kunali mabuloko ambiri, ndipo anyamata aja anali atasintha manambala onse.

"Mayi," anatero bwana, "anyamata aja anayeza ndi makina, ndipo likulu lasayina. Ine sindingaimitse thirakitala chifukwa mtima wanu wakayika. Ndionetseni mzere. Mukandionetsa kuti mu yakale muli ichi, mu yatsopano mulibe, ndikhala ndi chogwira."

Anatsegula dirowa n'kundipatsa kiyi wa ofesi. Sanalakwe kanthu, ndipo chimenecho n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri.

Nditatsegula mashiti awiriwo, mutu unaima. Yakale inali m'maekala, yatsopano m'mahekitala. Yakale inali ndi manambala a zilembo kumapeto, yatsopano manambala ongoyenda molunjika kuyambira wani. Yakale inatsata divishoni monga mabuku analembedwera, yatsopano inatsata chaka chodula. Mayina akale a mabuloko, a mitsinje ndi a azungu amene anafa kalekale, anyamata aja sanawasamale. Ena anawasiya, ena anawasokoneza, ena anangopeka awo. Mizere ya yakale inali yochulukirapo, koma zimenezo sizinandithandize, chifukwa kudziwa kuti ina yasowa si kudziwa kuti yasowa iti. Zinali ngati kufunafuna ufa wako pa chigayo wina atakhuthulira ufa wonse m'matumba atsopano.

Ndinayamba ndi maso, mzere uku, mzere uko, chala pa galasi la kompyuta. Masana magetsi anazima. Pamene ankabweranso, dzuwa linali litapendeka, ndipo Sabata limalowa Lachisanu dzuwa likamalowa. Ndinayang'ana kompyutayo, ndinayang'ana dzuwalo. Ndinazimitsa, n'kuphimba ndi nsalu yake.

Sabata limenelo ndinalisunga, koma ndinene zoona, ndinalisunga ndi mkwiyo. Kiyi anali m'chikwama momwe munali buku la nyimbo. Ulaliki sindinaumve. Popemphera sindinapemphe kanthu mwaulemu, ndinangoti, Ambuye, tsiku lanu ndakupatsani, mawa ndi langa, magetsi okha mundisiyire. Amuna anga pobwerera anandifunsa ngati mutu ukundipweteka. Ndinati inde, ndipo silinali bodza.

Ubwino wa ife a Sabata ndi wakuti Lamulungu ndi tsiku la ntchito, pamene ena onse ali ku tchalitchi. M'mawa kunadzuka chiperoni, kamvula ka fumbi ndi nkhungu yoti minda ya tiyi osaiona. Ndinavala juzi ya amuna anga, ndinanyamula mbatata yophika, n'kukatsegula ofesi. Munali ine ndekha ndi kulira kwa kompyuta.

Panjira ndinali nditaganiza kale kuti za maso ndisiye. Ndinadzifunsa kuti, n'chiyani chimene munthu woyeza malo sangasinthe? Nambala angasinthe, dzina angasinthe. Koma sangasamutse buloko kuchoka ku divishoni yake, sangasandutse bulugama kukhala paini, ndipo chaka chimene mtengo unadzalidwa sachibweza. Zitatu zimenezo zinalipo m'mashiti onse awiri. Chachinayi chinali kukula, bola maekala ndiwasandutse mahekitala. Ndinatsegula shiti yachitatu yopanda kanthu, yakale ndinaiika kumanzere, yatsopano kumanja, pakati ndinasiya kolamu yochotsera. Ndinalemba kasamu kosandutsa maekala m'kabokosi kamodzi n'kukakokera mpaka pansi, ndipo manambala anatsika okha. Pamenepo ndinamva kuti ndagwira kanthu.

Kenako ndinachita chopusa. Pofuna kuti mizere iyende motsata chaka chodzala, ndinasankha kolamu ya chaka yokhayo n'kuuza kompyuta kuti isanje. Inasanjadi, zaka zokhazokha, zina zonse zili pomwe zinali. Ndinagwira ntchito nthawi ndithu osazindikira, ndikudabwa chifukwa chake palibe buloko ikugwirizana ndi inzake, mpaka ndinaona kuti damu lenilenilo, lamadzi, shiti ikuti linadzalidwa chaka chimene ine ndinabadwa. Ndinatukwana mawu amene mwana wa ku mishoni sayenera kuwadziwa. Mwayi wake disiketi ya shiti yakale sindinaikhudze. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso, ndipo ulendo uno ndinasankha makolamu onse pamodzi, kuti buloko iliyonse isamuke ndi katundu wake.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anapeka mwambiwo analibe thirakitala yomudikira Lolemba. Komabe ndinadekha, chifukwa njira ina panalibe. Divishoni ndi divishoni, chaka ndi chaka, ndinkakoka mzere wa kumanja kuufikitsa pafupi ndi mnzake wa kumanzere, n'kuyang'ana pakati. Ziro weniweni sankatuluka, popeza akale ankayeza ndi tcheni ndipo atsopano ndi makina, koma kusiyana kukakhala kochepa ndinkadziwa kuti ndi buloko yomweyo yavala malaya ena. Yotero ndinkaipaka mtundu wobiriwira. Ndikanatha kungoyamba ndi divishoni ya damu n'kulekera pomwepo, koma ndinkamudziwa bwana wanga. Akanafunsa kuti, njira yanuyi mwaiyesa kwina? Ndiye ndinaiyesa konse, kuti akadzafunsa ndidzangomutembenuzira galasi.

Yobiriwira inachuluka. Yotsala inali ya mtundu umodzi: mizere iwiri kapena itatu yakale imene anyamata aja anaiphatikiza kukhala umodzi, chifukwa poyenda sanaone malire pakati pake. Ndikaphatikiza kukula kwa iwiriyo, kunkafanana ndi kwa umodziwo, ndipo ndinkapaka. Mbatata ndinadya nditaimirira, msana utauma. Magetsi anagwedera kamodzi, mtima wanga n'kugwedera nawo, koma sanazime. Kuyambira pamenepo ndinkasunga ntchitoyo pafupifupi mzere uliwonse.

Chakumasana ndinafika pa divishoni ya damu. Mabuloko ake anagwirizana bwinobwino, imodzi ndi imodzi, kupatula imodzi. Buloko ina ya bulugama, imene shiti yatsopano inaiika yoyamba pa zozulidwa Lolemba, inali yokulirapo kuposa inzake ya m'shiti yakale. Kusiyana kwake sikunali kwa tcheni ndi makina. Kunali ekala yathunthu ndi kachidutswa. Ndinaimirira, ndinakhalanso. Ndinafunafuna mzere wotsala mu divishoni imeneyo woti utseke mpatawo, koma panalibe. Yonse inali yobiriwira.

Apa ndinagwira njakata. Mpata ndinaupeza, koma mpata si mzere. Bwana akanangoti akale anayeza molakwa, ndipo ine ndikanati chiyani? Ndinatuluka pakhonde, ndinayang'ana chakumene kuli damu, koma nkhungu inali itatseka zonse. Ndinapsa mtima ndi aliyense: anyamata a timakina, mayi a fodya, bwana ndi juzi yake, amuna anga ndi tcheni chawo. Ndinalowanso, ndipo posowa chochita ndinatsitsa shitiyo mpaka pansi penipeni.

Kumeneko kunali mizere ingapo imene ndinali ndisanaiyang'ane chiyambire kusanja kwachiwiri. Kompyuta ikamasanja motsata chaka, mizere yopanda chaka imaitaya kumapeto. Ine ndinkadziwa kuti iliko, koma ndinkati si mitengo: damu lija, malo ophwanyira miyala, bwalo la mpira, misewu yotchinga moto. Ndinawerenga umodzi umodzi. Pakati pa bwalo la mpira ndi malo a miyala panali mzere wa nambala yakale yomweyo ya buloko yokula ija, koma kumapeto kwake kuli chilembo chachiwiri. Dzina panalibe. Mtundu wa mitengo panalibe. Chaka panalibe. Kumapeto, m'kabokosi ka ndemanga, munali mawu amodzi a Chingerezi amene ndinawakopera m'buku lakale osawaganizira, otanthauza kuti osadula.

Ndinaukoka mzerewo kuufikitsa pansi pa mnzake, n'kuphatikiza kukula kwake. Kolamu yapakati inatsika kufika pafupi ndi ziro.

Mzere umenewo ndinautayipa ndekha ndi zala zangazi, ndipo nditawerengera m'mbuyo ndinakumbukira kuti miyezi imene ndinkalowetsa mabuku aja ndinali ndi pakati pa mwana woyamba uja, mimba ikugunda tebulo lomweli. Tinalemba awiri malo amenewo. Koma sindinalire. Ntchito inali isanathe. Mzerewo ndinaupaka mtundu wofiira, ndinasindikiza tsambalo, pulinta ikulira ngati macheka, kenako ndinatenga rula n'kudula mzere wa inki pansi pake kuti ngakhale munthu wa maso ofooka awone.

Lolemba amuna anga anadzuka kusanache bwino, akuimba kamluzi. Ndinamva thirakitala ikulira ku galaja pamene ndinkamanga mpango. Ndinafika ku ofesi bwana asanafike, ndipo ndinamudikira pakhomo nditaimirira, pepala m'manja. Sindinamulole n'komwe kuti akolowe chipewa.

Anakhala pansi, anavala magalasi, ndipo monga ndinkayembekezera, anafunsa ngati njirayo ndaiyesa kwina. Ndinamutembenuzira galasi la kompyuta, mizere yobiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anatsitsa pang'onopang'ono, anawerengera yekha mabuloko awiri pa kakyuleta, nagwedeza mutu.

"Mwagwira ntchito, mayi. Kachidutswa aka kalipodi, ndipo anyamata aja anakameza." Anagogoda pepalalo ndi cholembera. "Koma osadula chifukwa chiyani? Amene analemba mawu awa mwina anafa ine ndisanabadwe. Mwina panali chithaphwi chimene chinauma kale. Likulu likandifunsa, ndikati buku lakale likuti osadula, andiuza kuti buku lakale lapuma."

Chapatali thirakitala inasintha kaliridwe. Ndinakazindikira, kanali ka pa chitsikira cha kudamu.

Mawu a mayi aja anali m'khutu langa, akuti si za amuna izi. Ndinali nditayembekeza kuti manambala alankhula okha, ine ndikhala wotseka pakamwa monga ndinaphunzitsidwira tsiku lija. Manambala anandifikitsa pakhomo, koma analekera pomwepo.

"Bwana, ndi kumene amayi a kumalaini amaika ana obadwa atafa."

Anakweza maso. "Manda? Pa mapu palibe manda kumeneko."

"Alibe mitanda. Amuna sauzidwa."

"Nanga inu mukutsimikiza bwanji?"

"Wanga ali komweko."

Aka kanali koyamba kuti ndinene mawu amenewo kwa munthu aliyense. Anatuluka mouma, ngati ndikupereka lipoti la nkhuni. Bwana anavula magalasi, nawaika pa tebulo. Sanati pepani, ndipo ndinamuthokozera mumtima chifukwa cha chimenecho, popeza akanatero ndikanagwa. Anatenga ovaova, wailesi yam'manja imene ankalankhulirana ndi akapitawo, naitana wa kudamu.

"Thirakitala iime pomwe ili. Ayi, palibe chawonongeka. Iime, ndikubwera."

Anaimirira, natenga chipewa. Pakhomo anatembenuka.

"Mzerewo muubwezeretse mu shiti yatsopano. Pa ndemanga lembani kuti malo osungidwa, osadula, osalima. Likulu ndilankhula nalo ndine, ndipo dzina lanu sindilitchula. Mukamaliza musindikize pepala lina la ntchito, likafike kwa kapitawo ndi madalaivala lero."

Ndinakhala pa kompyuta n'kuyamba kulemba. Nambala ndinaika, divishoni ndinaika, kukula ndinaika. Koma anyamata a ku tauni aja shiti yawo anaikonza mwa nzeru zawo: mzere wopanda dzina inkaukana. Ndikadutsa kabokosi ka dzina osalembamo, kompyuta inkalira n'kundibwezera pomwepo. Ndinathamangira pakhomo, bwana ali kale pa njinga yamoto.

"Bwana, ikufuna dzina la buloko."

"Lembani lililonse," anatero akuliza injini. "Limene simudzaliiwala."

Dzina linalipo. Tinalisankha ndi amuna anga ndili ndi pakati paja, tsiku lina tikuchokera ku msika wa Bvumbwe pa matola, tikukangana ndi kuseka, mpaka tinagwirizana pa limodzi loyenera mwamuna kaya mkazi. Mwana atapita, dzinalo silinatchulidwenso m'nyumba mwathu. Ana awiri obwera pambuyo tinawapatsa ena, osakambirana n'komwe chifukwa chake. Pano sindilitchula, koma tsiku limenelo ndinalitayipa, chilembo ndi chilembo, ndipo kompyuta inalandira.

Nditafika posindikiza pepala la ntchito m'pamene ndinakumbukira kuti lipita m'manja mwa yani. Chala chinaima pamwamba pa batani. Ndikanatha kubwerera n'kulemba kuti Nsungwi kapena Mkuyu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinadina.

Madzulo mayi aja anandipeza pa mpopi pomwe paja. Nkhani pa malaini siichedwa, anali atamva kale kuti thirakitala yabwezedwa kumtunda.

"Wawauza chifukwa?"

"Ndawauza, amayi."

Anandilalatira m'Chilomwe kwa kanthawi, mawu ena ndikuwamva, ena ayi. Atatopa anatulutsa kabotolo ka fodya, nafwenkha, nayetsemula.

"Ndiye penti ija achotsa liti? Ikuoneka moipa."

Amuna anga anabwera mochedwerapo. Masiku onse ankafikira pa beseni kusamba m'manja mafuta a injini, koma tsikulo anadutsa beseni n'kukhala pa sitepe ya pakhomo, ovolosi ili m'thupi. Anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, natulutsa pepala la ntchito lopindapinda, lodetsedwa ndi zala zawo. Analitambasula pa bondo.

"Mayi, dzina ili walemba ndani?"

"Ndine, bambo."

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Iwo kuwerenga ankawerenga ndi chala, ndipo chalacho chinali chitaima pamzere womwewo.

"Ndi kumeneko?"

"Ndi kumeneko."

"Ine m'mawa tcheni ndinali nditamanga kale pa chitsa," anatero. "Cha pafupi ndi nsungwi. Ndinati ndiyambire kumunsi, pofewa."

Ndinakhala pambali pawo pa sitepe. Ana anali kwa anzawo, fakitale ikufuka utsi wake chakumtunda. Kenako amuna anga anatchula dzinalo. Sanaliwerenge, analiitana, mokweza, momwe munthu amaitanira mwana amene wachedwa kosewera. Mawu anawathera pakati, ndipo anaitananso.

Chitseko cha mayi aja chinali chotsegula, mapazi ochepa kuchokera pamene tinakhala. Ndinawaona ataimirira m'katimo, akutiyang'ana. Ndinadikira kuti atuluke ndi dzanja lawo lija. Iwo anangokankha chitsekocho pang'onopang'ono mpaka chinatsekeka, ndipo tinalira awiri, palibe amene anatiuza kuti timeze.